Ndamaliza abale anga, zikomo nonse

Abale anga ndamaliza! Dzulo ndalandira uthenga woti ndakhoza masters yanga ya Restorative Justice, ndinangokhala pakhonde kuno ku Area 25 nkumalira ngati mwana. Ambiri mumafunsa kuti sukulu yake ndi yotani, ndi chilungamo choyanjanitsa, choti wolakwa akumane ndi amene anamulakwira, avomere, apepese, abweze zomwe angathe, osati kungomutsekera ku Maula nkumati nkhani yatha.

Amayi anga zikomo, munagulitsa mbuzi ziwiri ndi soya yense wa chaka chija kuti fizi ikwane ndipo simunandinyoze ngakhale tsiku limodzi. Bambo a ana, inu ndiye ndilibe mawu, magetsi akazima asayimenti ili theka mumanditenga pa njinga yamoto usiku, laputopu ili m'chitenje, kupita kwa anzanu a sola aja, inu nkumawodzera pa benchi udzudzu ukukudyani mpaka ndimalize. Bandulo yokha munagula kangati kaya.

Koma amene anandiphunzitsa kwambiri ndi agogo, a mfumu kumudzi kwathu ku Mitundu. Tsiku lina ndimawafotokozera za gacaca ya ku Rwanda, mabwalo omwe anthu ankakhala pa udzu, oweruza ake anthu wamba osankhidwa ndi anzawo, kuyambira 2002 mpaka 2012 anamva milandu pafupifupi 2 miliyoni ya kuphana kwa 1994 kuja. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, amvekere ndiye ndalama zonsezi ukukaphunzira bwalo lathu lomweli? Ndinasekanso, komatu mlandu wa mbuzi yodya chimanga ndi wina, woti munthu amene anapha abale ako abwere adzakhale moyandikana nawe, muzitunga madzi pa mjigo umodzi, ndi winanso. Chipepeso cha nkhuku pamenepo sichikwana ayi.

Zikomo amayi aja a ku Dzaleka amene munandilandira nthawi ya kafukufuku, maina sinditchula mukudzidziwa. Mmodzi anandiuza akusenda nthochi zophika kuti iye kukhululuka asamufulumizitse, ndipo mawu amenewo anandisinthitsa chaputala chonse.

Pa Dzaleka pomwepo nthawi ya Kamuzu panali ndende ya andale. Ife kuno tinali ndi National Compensation Tribunal, bwalo lopereka chipepeso kwa amene anazunzidwa nthawi imeneyo, ena analandirako ndalama, koma sitinakhale pansi pagulu kuti ochita zoipa ayankhule okha ngati momwe a ku South Africa anachitira ndi komishoni ya Desmond Tutu kuyambira 1996. Ine ndimaona kuti bala limenelo tinangoliphimba ndi nsalu, ndipo ndi ntchito yomwe ndikufuna kugwira, kuno kaya kunja.

Amene mungamve za mwayi wa ntchito ku mabungwe a zamtendere mundikumbukire chonde. Loweruka kuli nsima ya nkhuku yachikuda kwathu, agogo akubwera pa minibasi, mufike msanga ndiwo zisanathe.