Mipando yopanda anthu pa ndege ya ku St Helena

Usiku wa Lachiwiri ndinagona mtima uli m'malo koyamba chiyambire temu ino. Kwa milungu itatu ndakhala ndikulimbana ndi asayimenti ya phunziro la kayendedwe ka alendo, ndipo ine mutu womwe unandigwera unali bwalo la ndege la pachilumba cha St Helena. Mbiri yake ndinailoweza msanga. Chomwe chinkandisowetsa tulo chinali nambala imodzi yokha: 76.

Kampani ya Airlink itayamba maulendo a mlungu ndi mlungu pa 14 October 2017, kuchokera ku Johannesburg, inkagwiritsa ntchito Embraer E190, ndege ya mipando pafupifupi 100. Koma anthu ololedwa kukwera anali 76 basi. Chilumba chomwe anthu ake, oposa pang'ono 4,000, akhala akulira zaka ndi zaka kuti tikufuna ndege, ndegeyo yabwera kamodzi pamlungu, Loweruka lokha, ndiye mukusiyanso mipando yoposa 20 ilibe munthu? Ndinkaona ngati pali china chomwe ndachidumpha powerenga. Ndinayamba ndalemba kuti mwina okwera anali ochepa. Kenako ndinalemba kuti mwina ndi nkhani ya malo ogona alendo pachilumbapo. Zonse ziwiri ndinazifufuta.

Anzanga a m'kalasi mukudziwa kale kuti ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, sindibwerezanso zimenezo. Mukudziwanso za malire a kulemera ponyamuka ndi potera, tinakopera tonse pabolodi. Vuto langa linali lakuti ziwirizi zinkakhala m'mutu mwanga ngati anthu oyandikana nyumba omwe sapatsana moni. Sindinaganizepo kuti china chimalamulira chinzake.

Chinanditsegula maso ndi foni ya amalume. Iwo ali ndi boti ya injini kunyanja, ndipo Lolemba madzulo anandiimbira kufunsa za sukulu. M'kucheza anadandaula kuti mwera wawadyera ndalama mlungu wonse. Ndinawafunsa kuti kodi simukuyenda? Iwo anati, "Tikuyenda mphwanga, koma kukakhala mwera ine ndimasiya anthu pagombe ngakhale thabwa lokhalapo lilipo. Ndimasenza zigubu zina za petulo. Ukafika tsidya nkupeza mafunde akukaniza kukocheza, ubwerera ndi chiyani?"

Titamaliza kulankhula ndinakhala pabedi foni ili m'manja. Ubwerera ndi chiyani. Ndinatenga kope nkuyamba kujambula.

St Helena ili pakati pa nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera kugombe la Africa. Bwalo lina loyandikira lili pachilumba cha Ascension, makilomita pafupifupi 1,300 kumpoto chakumadzulo. Woyendetsa ndege akafika pamwamba pa St Helena nkupeza nkhungu yatseka kapena mphepo yalusa, alibe bwalo la pafupi lothawirako monga amachitira wa ku Chileka yemwe angakhotere ku Lilongwe. Ayenera kufika ali ndi mafuta okwanira kuzungulira mumlengalenga kudikira nyengo, kapena kupita kutali kukatera kwina. Nchifukwa chake ndegeyi imayamba yaima ku Namibia kumwetsa mafuta, poyamba ku Windhoek, pambuyo pake ku Walvis Bay komwe kuli m'mbali mwenimweni mwa nyanja. Ndiye taonani: tsiku lomwe zonse zayenda bwino, ndege yatera ulendo woyamba, mafuta aja sanapse. Akadali m'mapiko. Ndegeyo ikugunda pansi itasenza zigubu za amalume.

Mipando ija si yopanda kanthu ayi. Pakhala mafuta.

Nditafika apa ndinaimirira nkuyendayenda m'chipinda. Koma nkhani inali isanathe, chifukwa funso linatsala: bwanji osangotera ndi zonse, mafuta ndi anthu omwe? Apa ndi pomwe mphepo inalowa, ndipo mbiri yomwe ndinailoweza ngati ndakatulo inayamba kumveka.

Bwaloli linamangidwa pa Prosperous Bay Plain, kummawa kwa chilumba, pamwamba pa maphompho otalika mamita pafupifupi 300 kuchokera pamadzi. Boma la St Helena, chilumba chomwe chili pansi pa ulamuliro wa Britain, linasainira mgwirizano ndi kampani ya ku South Africa ya Basil Read mu November 2011, ndipo ntchito yonse inadya mapaundi pafupifupi 285 miliyoni ochokera ku boma la Britain. Chilumbachi ndi cha mapiri okhaokha, malo athyathyathya ndi osowa, moti kuti msewu wa ndege ukwane anachita kukwirira chigwa chonse cha Dry Gut ndi miyala. Zipangizo zinkabwera pa sitima, nkukwezedwa kumtunda pa msewu watsopano wochokera ku Rupert's Bay. Atavutika chonchi, msewu wa ndege unatuluka wa mamita 1,950, koma gawo lomwe ndege ingagwiritse ntchito potera ndi lalifupi kuposa pamenepo, mamita ngati 1,550. Kutsogolo kwake ndi phompho.

Kandege kakang'ono koyesera zipangizo kanatera bwinobwino mu September 2015. Koma mu April 2016 kunabwera Boeing 737-800 ya Comair, yovala mitundu ya British Airways, ndege yomwe inayenera kumayenda njira imeneyi. Poyandikira pansi inagwedezeka koopsa, woyendetsa nkuikwezanso, ndipo inatera poyesa kachitatu. Mwambo wotsegulira womwe unayenera kuchitika mu May unaimitsidwa. Manyuzipepala a ku Britain anayamba kulitchula kuti bwalo lopanda ntchito kuposa onse padziko.

Chomwe chinagwedeza ndegeyo ndi wind shear, kusintha kwadzidzidzi kwa mphamvu kapena kolowera mphepo pa kamtunda kochepa. Mphepo ya ku St Helena imawomba pafupifupi chaka chonse kuchokera kummwera chakummawa, mbali yomweyo yomwe mwera wathu umachokera. Kuti ndege iyang'anizane nayo, iyenera kubwera kuchokera kumpoto. Koma kumpoto kwa msewuwo ndi komwe mphepo imasweka pa maphompho ndi pa miyala ikuluikulu ya King and Queen Rocks, nkumapotokola ngati madzi a pa mathithi. Charles Darwin atafika pachilumbachi mu 1836 anaziona: ataima m'mphepete mwa phompho mpweya unali zii, koma atatambasula mkono anamva mphepo yamphamvu, mbalame zikulimbana nayo pafupi pomwepo. Komiti ya aphungu a ku Britain yoona za ndalama za boma inakumbutsa zimenezi mu 2016 pofunsa kuti zinatheka bwanji kumanga bwalo osayamba mwaifufuza bwino mphepo.

Tsono njira ina inali yobwera kuchokera kummwera, komwe mpweya ndi wodekha. Koma ukabwera kuchokera kummwera, mphepo ili kumsana.

Apa ndinachita masamu anga, ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti ndege ikufuna liwiro la makilomita 240 pa ola mumpweya kuti isagwe. Mphepo ya makilomita 25 ikakhala kumaso, matayala akugunda pansi pa liwiro la 215. Mphepo yomweyo ikakhala kumsana, akugunda pa 265. Kusiyanaku kumaoneka kochepa mpaka utakumbukira kuti mphamvu yomwe mabuleki ayenera kuipha imakula ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Nditawerengera ndinapeza kuti ntchito ya mabuleki yakwera ndi theka lathunthu. Msewu sungautalikitse, kutsogolo kuli phompho. Mphepo sungaiuze kuti leka. Mafuta obwererera sungawasiye. Chatsala nchiyani choti uchepetse? Anthu ndi zikwama zawo. Munthu mmodzi ndi katundu wake amawerengedwa ngati makilogalamu 100, matumba awiri a chimanga. Anthu 20 ndi matumba 40. Ukawatsitsa, ndege yapepuka, liwiro lomwe ikufuna potera latsika, ndipo iima msewu usanathe.

Nchifukwa chakenso 737 ija inalephera kuyenda njirayi pomwe E190, yocheperapo, inatha. Si kuti ina ndi yabwino kuposa inzake. Ina ikhoza kutera mphepo ili kumsana pa msewu waufupi chotere ikadali ndi anthu okwanira kulipira ulendo.

Ndiye unyolo wonse unaoneka nthawi imodzi. Phompho lapotoza mphepo, mphepo yasankha mbali yoterera, mbali yoterera yachepetsa kulemera, kulemera kwasankha mtundu wa ndege ndi chiwerengero cha anthu, anthu ochepa agawana mtengo wa ulendo wautali ndipo tikiti yakwera. Ine ndinkaphunzira mbiri ya bwalo ngati mutu wina, makampani a ndege ngati mutu wina. Ndi mutu umodzi. Ndandanda ya maulendo a ku St Helena inalembedwa ndi mphepo kampani iliyonse isanafike.

Ndinena mosabisa: kujambula ndi dzanja kumaposa njira ina iliyonse yophunzirira, ndipo sindikuona phunziro lomwe kungalephere. Ndinajambula chilumba ngati mbatata, msewu wa ndege ngati kamzere, mivi itatu ya mphepo, kandege kawiri, kena kochokera kumtunda kwa pepala kena kumunsi. Pansi pa kandege kalikonse ndinalemba zomwe kasenza. Pepala limodzi limeneli landiphunzitsa zomwe masamba 40 a manotsi analephera. Ukamawerenga, mawu amakunamiza kuti wamva. Ukamajambula, pensulo imaima pomwe sunamvetse, ndipo siyenda mpaka utadziwa kuti muvi uloze kuti. Mnzanga wa chipinda chimodzi amati iye amamva bwino akamaonera mavidiyo, ndipo ndamuuza kuti vidiyo imakuyendera yokha, iwe uli phee. Kuyambira lero chilichonse ndizichijambula, ngakhale malamulo a za mahotela.

Chomwe chikundiwawa ndi nthawi yomwe yapita. Aphunzitsi athu ndi munthu wodziwa zinthu, zimenezo sindikana. Koma phunziro la kulemera kwa ndege anatipatsa mlungu wachitatu, la mphepo mlungu wachisanu ndi chiwiri, ndipo palibe tsiku lomwe anaima nkunena kuti ana inu, izi ndi chingwe chimodzi. Nditafunsa m'kalasi za 76 uja anandiyankha kuti ndi zifukwa za kayendetsedwe ka ndege, tipitirize, silabasi ndi yaitali. Mawu amenewo ndinawalemba m'kope ngati yankho, ndipo anandigoneka milungu iwiri. Ndikumvetsa kuti tilipo ambiri ndipo maola ndi ochepa. Komabe mphindi zisanu ndi choko zikanakwana. M'malo mwake timathamangitsidwa kuloweza zaka ndi mayina a makampani chifukwa ndi zomwe zimachongeka msanga pa mayeso. Onjezani magetsi othima madzulo ndi bandulo yotha pakati pa kuwerenga, mupeza kuti nthawi yoganiza, osati yoloweza, imatsala yochepa kwambiri. Ine yanga ndinaipeza chifukwa amalume anaimba foni.

Tsopano gawo lomaliza la asayimenti likufunsa ngati bwaloli linali loyenera kumangidwa, ndipo apa pensulo yanga yaimanso.

Omwe anakonza ntchitoyi ankayembekezera kuti m'kupita kwa zaka alendo adzafika pafupifupi 30,000 pachaka, chilumba nkusiya kudalira thandizo la Britain. Koma 76 kuchulukitsa ndi milungu 52 sikufika ngakhale 4,000, ndipo ambiri mwa okwerawo ndi eni chilumba, obwera kudzaona abale kapena opita kuntchito kunja. Maulendo owonjezera a nyengo ya tchuthi amathandiza, koma phompho silinasunthe. Kumbali ya zokopa alendo, yomwe ndi phunziro langa, masamu akukana. Inde kuli nyumba ya Longwood komwe Napoleon, yemwe anali mfumu ya ku France, anafera mu 1821, kuli masitepe 699 a Jacob's Ladder ku Jamestown, koma zokopa sizikweza munthu pa mpando womwe pakhala mafuta.

Komano bwalo lisanabwere, njira inali sitima ya RMS St Helena, masiku asanu kukafika ku Cape Town, ndipo inkabwera patapita milungu. Munthu akadwala mwakayakaya ankadikira sitima. Mu June 2016, nthawi yomwe manyuzipepala ankaliseka bwaloli, kandege kakang'ono kanatera nkunyamula khanda lodwala kupita nalo kuchipatala ku Cape Town. Nthawi ya Covid, maulendo a ku Johannesburg ataima, ndege za Titan Airways zinkabwera kuchokera ku Britain. Sitima ija inapuma ntchito mu February 2018. Ndikaganiza za anthu a ku Likoma ndi Chizumulu momwe amawerengera masiku a Ilala, ndimamva zomwe masiku asanu amatanthauza kwa mayi yemwe mwana wake akupuma movutika.

Ndiye ndilembe chiyani? Ndikalemba kuti linali loyenera, ndikhala ngati ndatseka maso pa mapaundi 285 miliyoni ndi mphepo yomwe munthu anaiona kale mu 1836. Ndikalemba kuti silinali loyenera, ndikhala ngati ndikuuza khanda lija kuti likanadikira sitima. Ndayesa kuzijambula zonse ziwiri pa pepala limodzi ndipo sindikupeza muvi wozilumikiza. Mwina funsolo lili ndi mayankho awiri, la wolipira ndi la wokhala pachilumba, ndipo sindikudziwa kuti aphunzitsi akufuna liti, kapenanso kuti ineyo ndikukhulupirira liti. Tikapereka Lachisanu. Ndime imeneyo ikadali yoyera.