Kachikwama kamene mtsikana uja anakana kuika m'sutikesi

Sikelo ya pabwalo la ndege inawerenga makilogalamu 27, pomwe tikiti yanga inkalola 23 basi. Ndinakokera sutikesi pambali, n'kugwada pansi kuti ndichotsemo zina. Kugwada ndinagwada ndithu, koma kudzuka kunandikanika. Ndili ndi zaka 68, ndipo bondo lakumanzere linasiya kalekale kundimvera.

Ndinkapita kukaona mwana wanga wamkazi yemwe anali atangochira kumene. Sutikesi yonse inali ya mdzukulu: timalaya, tizipewa, mabulangete awiri olemera. Zanga ndinazipanikiza pakona.

Ndili chigwadire choncho, thukuta lili kamukamu, mtsikana wina anachoka pamzere.

“Agogo, gwirani mkono wanga, musafulumire.”

Anandidzutsa, kundikhazika pampando, iye n'kugwada m'malo mwanga. Anayamba kutulutsa chimodzichimodzi, akufunsa mwaulemu. Nsapato mapeyala anayi? Tinasiya awiri kwa mlongo wanga amene anandiperekeza. Bulangete limodzi linapitanso komweko. Kenaka ndinamupatsa kachikwama kabuluu kamene kanali m'chikwama cham'manja, kuti akaponye m'sutikesi, ine ndipeze malo oikapo zidole.

“Muli chiyani umu, agogo?”

“Mankhwala a BP, mwanangu, ndi a bondoli. Ndamwa kale a lero.”

Anakagwira ndi manja awiri, n'kupukusa mutu. “Ayi agogo, awa asachoke pathupi panu. Zidolezi ndi zimene zilowe m'sutikesi.” Ndinafuna kutsutsa, poti ndinkaopa kuti zidole zithyoka, koma anali atatseka kale zipi. Anatenganso foni yanga n'kujambula bokosi la mankhwala, dzina lakuti amlodipine ndi mlingo wake zikuoneka bwinobwino. Akuti maina a makampani amasiyana dziko ndi dziko, koma dokotala aliyense amadziwa dzina lenileni la mankhwalawo. Dzina la mtsikanayo sindinamufunse, ndipo zimandipwetekabe mtima.

Za m'ndegemo palibe chambiri. Tinasintha ndege kamodzi, ndinagona, ndinadzuka mapazi atatupa.

Titafika ndinaima pa lamba wa katundu mpaka anasiya kuzungulira. Sutikesi yanga kunalibe. Inabwera patapita masiku atatu. Masiku atatu amenewo ndinkavala zovala za mwana wanga, koma m'mawa uliwonse ndinkatsegula kachikwama kabuluu kaja n'kumwa piritsi langa. Ndikaganiza kuti ndikanakhala kudziko lachilendo, mutu ukuwawa, ndikufunafuna dokotala woti andilembere mankhwala, mwana wanga ali ndi khanda la milungu iwiri m'manja, thupi limachita tsembwe.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi magalasi owerengera. Ndinawaika m'sutikesi muja, ndiye fomu yodandaulira katundu wosowa anachita kundilembera mkamwini wanga. N'chifukwa chiyani mapepala a m'mabwalo a ndege amawalemba timalemba tating'ono chonchi? Kodi amayesa oyenda onse ndi achinyamata? Nanga makonde aja, munthu kuyenda mpaka miyendo kuchita dzanzi, mipando yopumirapo yosaoneka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ukhoza kupempha njinga ya olumala kapena wokuperekeza, bola uwauze a ndege pasadakhale, makamaka maola 48 ulendo usanafike. Palibe anandiuza pogula tikiti. Pobwerera ndinapempha, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Tsopano ndimayamba kulongedza chikwama cham'manja, sutikesi pambuyo. Ndege zambiri zimalola makilogalamu 7 m'manja, koma ine ndimayesa kuchinyamula ndekha n'kuzungulira nacho m'nyumba. Phewa likadandaula, ndimachotsamo. Mumalowa mankhwala onse m'mabokosi ake, ndi ena owonjezera a sabata yathunthu, kalata ya dokotala, magalasi, juzi yopepuka ndi zovala zamkati zosinthira. Zamadzimadzi mabwalo ambiri salola botolo loposa mamililita 100, ngakhale mankhwala amawaganizira ukaonetsa kalata. Anzanga a matenda a shuga obaya insulin, musaiike m'katundu wopita kunsi kwa ndege, chifukwa ikaundana ndi kuzizira imawonongeka. Power bank, batire yotchajira foni, nayonso malamulo amati ikhale m'manja.

Za mapazi otupa aja, dokotala wanga anandiuza kuti ulendo wopitirira maola anayi munthu uli chikhalire umachulutsa chiopsezo cha magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Anandilangiza masokosi othina aja, kumwa madzi pafupipafupi, ndi kupempha mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti ndizidzuka n'kuponda pang'ono. Masokosiwo kuvala kwake n'kovuta, ndimachita kukhala pabedi n'kumakoka pang'onopang'ono, choncho ndimawavaliratu kunyumba.

Ife akuluakulu timalongedza ndi mtima wa ana ndi adzukulu, n'kuiwala kuti thupi lonyamula mphatsozo likufuna zakenso. Bulangete lija ndinasiya kwa mlongo wanga likadali komweko. Mdzukulu wayamba kukwawa, ndipo ulendo wa chaka chamawa ndikufuna sutikesi ya mateyala anayi, yoti ndizingoikankha pambali panga.