Nyamakazi ya azakhali ndi timapuloteni tomwe timayatsa kutupa

Anthu ambiri akamva za nyamakazi amangoti ndi ukalamba basi, kapena kuzizira, ena mpaka kumaloza zala achibale kuti alodza munthu. Koma pali mtundu wina womwe madokotala amautcha rheumatoid arthritis, umagwira ngakhale mayi wa zaka 35 ndipo umakonda kwambiri azimayi kuposa azibambo. Azakhali anga akudwala umenewu. M'mawa zala zawo zimadzuka zitauma gwa, kapu ya tiyi amachita kuigwira ndi manja awiri, kumanga chitenje ndiye amadikira kaye dzuwa likwere, ndipo kutupako kumabwera mbali zonse ziwiri mofanana, timfundo ta zala tofunda tofufuma. Zimandiwawa kuwaona choncho, ndiye ndinayamba kuwerenga kuti kwenikweni chikuchitika m'kati ndi chani.

Nkhani yake ndi yoti chitetezo cha m'thupi, chija chimalimbana ndi tizilombo, chatembenukira mwini wake n'kuyamba kuukira kachikopa kokuta molumikizana mafupa. Maselo a chitetezo sagwira ntchito mwakachetechete, amatumizirana uthenga kudzera m'timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma cytokine. Odziwika kwambiri pa nkhani ya kutupa ndi TNF, IL-1 ndi IL-6. Tingoti ndi amithenga, selo lina limawatuma, iwo n'kukagogoda pakhomo la selo linzake, khomo limeneli ndiye receptor, ndipo likatseguka selolo limayamba kuitana anzake ena, mitsempha ya magazi imatakasuka, malo aja n'kutupa, kufiira, kuwawa. Ukadzicheka ndi mpeni zimenezi ndi zabwino ndithu, ndi zomwe zimapoletsa bala. Vuto la azakhali ndi loti amithenga aja sakusiya kutumidwa, chaka ndi chaka, mpaka chichereweche ndi fupa lenilenilo zimayamba kudyeka.

TNF anaitulukira mu 1975 a Lloyd Old ndi anzawo ku New York akufufuza za khansa. Ndipo kwathu kuno ili ndi mbiri yake eti, mu 1989 a Georges Grau, a Terrie Taylor, a Malcolm Molyneux ndi anzawo anasindikiza kafukufuku wa ana odwala malungo aakulu ku Blantyre, anapeza kuti ana omwe TNF inali yokwera kwambiri m'magazi ndi omwe matenda amawakulira kwambiri. Ndiye thupi lotentha lija la malungo ndi zala za azakhali, pena pake ndi kapuloteni kamodzi komweko.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi ma soluble receptor. Thupi lokha limatha kudula mbali yakunja ya receptor ija pa selo n'kuisiya ikuyandama m'magazi. Ikakumana ndi TNF panjira imaigwira, uthenga uja osafikanso komwe umapita. Ndi njira imene thupi limadzichepetsera lokha kutupa, kungoti mwa odwala ngati azakhali TNF imachuluka mopitirira zomwe thupi lingakwanitse kugwira. Ku London a Marc Feldmann ndi a Ravinder Maini a ku Kennedy Institute anaona kuti ukatsekereza TNF, ma cytokine ena ngati IL-1 nawonso amatsika, ndipo mu 1992 anayesa pa odwala mankhwala omwe lero timawadziwa kuti infliximab, anthu omwe amalephera kuyenda bwinobwino n'kuyamba kupeza bwino m'masabata ochepa. Kenako mu 1998 ku America anavomereza etanercept, ameneyu ndiye soluble receptor weniweni wopangidwa mu labu, anatenga mbali yakunja ya receptor ya TNF n'kuilumikiza ku chidutswa cha antibody, puloteni ya chitetezo cha m'thupi, kuti izikhalitsa m'magazi. Ndi jakisoni wobaya pansi pa khungu, nthawi zambiri kamodzi pa sabata, ndipo amasungidwa mufiriji.

Koma musaganize kuti soluble receptor aliyense amazimitsa kutupa ayi. Wa IL-6 amachita zosiyana kwambiri. IL-6 anaifotokoza bwino a Tadamitsu Kishimoto ndi gulu lawo ku Osaka mu 1986, ndi imene imauza chiwindi kuti chipange CRP, puloteni ija amayeza m'magazi kuchipatala pofuna kuona ngati m'thupi muli kutupa, imathandizanso kuti munthu wodwala nthawi yaitali azichepa magazi chifukwa ayironi amatsekeredwa m'thupi. Receptor yake ikaduka n'kumayandama, imagwira IL-6 ndithu koma m'malo moiletsa imapita nayo kwa maselo omwe paokha sakanamva uthengawo, n'kuwayatsa kudzera pa puloteni ina yotchedwa gp130 yomwe ili pafupifupi pa selo lililonse. N'chifukwa chake mankhwala otchedwa tocilizumab amatseka receptor ya IL-6 yonse, ya pa selo ndi yoyandama yomwe, ndipo ndi mankhwala omwewa amene anathandiza odwala Covid-19 omwe mapapo anatupa kwambiri.

Tsopano apa ndi pomwe ine ndimafuna tizimvetsetsana ife a kuno. TNF yomweyi ndi imene imathandiza thupi kutsekera tizilombo ta TB m'timagulu ta maselo m'mapapo kuti tisafalikire. Anthu ambiri kwathu kuno tili nato tizilomboti tili chigonere osadwala, ndiye ukangotseka TNF popanda kuyeza, chifuwa chachikulu chimatha kudzuka, nthawi zina osati m'mapapo mokha koma mpaka m'msana kapena m'mimba. Chiopsezochi ndi chachikulu pa infliximab ndi adalimumab, mankhwala enanso otsekereza TNF, kusiyana ndi etanercept, komabe onsewa amafuna munthu ayambe wayezedwa TB, hepatitis B ndi HIV. Ndimamva chisoni ndikaona abale omwe ali ku Johannesburg kapena ku UK akufunitsitsa kutumiza jakisoni wotere kumudzi chifukwa chokonda mayi awo, chikondicho ndi chenicheni koma mankhwalawa sangayambidwe popanda dokotala wowatsatira.

Azakhali iwo ali pa methotrexate, amamwa kamodzi pa sabata osati tsiku lililonse, limodzi ndi folic acid, ndipo amapita kukayezetsa magazi ndi chiwindi. Awa ndi amene madokotala amayambira padziko lonse, majakisoni aja amabwera pambuyo awa akakanika. Bulufeni ndi diclofenac zomwe anakhala akugula pagolosale zimangochepetsa ululu, fupa likupitirira kudyeka, kuonjezera apo zimapweteka m'mimba ndi impso. Ngati muli ndi mayi kapena mchemwali amene zala zimauma m'mawa kupitirira theka la ola kwa masabata angapo, manja onse awiri, musadikire kuti zala zipindike, pitani nawo kuchipatala ndipo mukawauze adokotala ndendende kuti kuumako kumatenga nthawi yaitali bwanji komanso ndi mfundo ziti zomwe zatupa.