Kuthokoza Onse Amene Anatigwira Mkono pa Kamunda Kathu

Ine ndi bambo a kunyumba tikudziwitsa abale, anansi ndi abwenzi kuti sabata yatha tinapereka gawo lomaliza la ngongole imene tinagulira kamunda kamene timakhalapo, ndipo tsopano malowa ndi athu. Tinasankha moyo wodya zimene talima, kusoka zimene zang'ambika, ndi kugula zokhazo zimene manja athu sangathe kupanga. Anthu ambiri amatiyamikira kuti ndife odzidalira, koma mtima wanga sungakhazikike ndisanatchule amene anatipatsa nzeru ndi nthawi yawo kuti tifike pano.

Pamene tinkafika, nthaka inali yoguga. Tikuthokoza agogo oyandikana nafe amene anatiphunzitsa kusanja mulu wa kompositi, kuyambira ndi mapesi ndi udzu wouma, kenako masamba aawisi ndi zitosi za nkhuku, n'kumawaza madzi pang'ono kuti mulu ukhale wachinyezi. Iwo ankazika ndodo pakati pa muluwo, ndipo akaizula n'kupeza kuti yatentha, ankatiuza kuti zinthu zikuola bwino. Ndi iwonso amene anazula chitsamba cha nyemba n'kutionetsa timibulu ta kumizu, mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitirojeni mumpweya n'kulemeretsa nthaka. Anatilangizanso kuti tisamasunge mbewu yochokera ku haibridi, chifukwa ikabzalidwanso sibereka ngati poyamba.

Nyengo yowawa kwambiri inali pamene chitopa chinalowa m'khola. Nkhuku zinayamba kuzyolika, zina makosi atapindika, ndipo pasanapite nthawi khola linatsala lopanda kanthu, chikhalirecho mazira ndiwo ankatibwezera ngongole mwezi ndi mwezi. Alangizi a zaziweto anabwera msanga, anatifotokozera kuti matendawa alibe mankhwala ochiza koma katemera yekha, ndipo anathandiza kuti mabanja onse oyandikana azitemera nkhuku zawo nthawi imodzi. Achemwali anga anatibweretsera thadzi lofungatira pamodzi ndi mazira ake, ndipo patatha masiku 21 tinamvanso kulira kwa anapiye. Achemwali, mphatso imeneyi sindidzaiiwala.

Komabe mwanapiye amatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi asanayambe kuikira, ndipo ngongole sinkadikira. Apa ndi pamene amayi a gulu lathu loluka anatinyamula. Podziwa kuti ndinalibe ndalama zogulira ulusi watsopano, anasonkhanitsa majuzi akale m'makomo mwawo, ndipo tinkakhala pamodzi madzulo n'kumawamasula. Ulusi womasulidwa umatuluka wopotanapotana, choncho anandionetsa kuukulunga kumsana kwa mpando, kuumanga m'malo angapo kuti usakolane, kuuviika m'madzi ofunda, n'kuuyanika pamthunzi mpaka utawongoka. Anandichenjeza kuti ulusi wa ubweya wa nkhosa ukaikidwa m'madzi otentha n'kufikisidwa umagwirana ndi kufupika, ndipo sungamasulikenso.

Ndiyenera kutchula mwapadera mayi wamkulu wa gululi, amene maso awo ayamba kufooka koma zala zawo zimazindikira pamene ulusi wadumpha. Iwo sankalola kuti munthu ayambe juzi asanaluke kachigamba koyesera ka masentimita 10 mbali zonse, chifukwa ulusi wakale sufanana kunenepa, ndipo kachigambako ndiko kamauza woluka kukula kwa singano zoyenera. Poyamba zimaoneka ngati kuchedwa, koma palibe chovala ngakhale chimodzi chimene chinabwezedwa chifukwa chothina kapena kukhwepa. Anandiphunzitsanso kukhotetsa chidendene cha sokosi, ntchito imene imagonjetsa oluka ambiri, ndipo anakhala nane modekha mpaka manja anga atazolowera. Amayi, zipewa, masokosi ndi majuzi a ana amene anatibwezera ngongole m'miyezi imeneyo anali ndi luso lanu mkati mwake.

Tikuthokozanso ogula amene analipiriratu n'kudikira osadandaula, ndi alamu anga amene anatimangira ngalande za padenga zolowetsa madzi a mvula m'thanki. Iwo anatiwerengera kuti milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga imapereka lita imodzi ya madzi, ndipo madzi amenewo ndiwo amathirira ndiwo zamasamba m'chilimwe. Ana athu nawonso anavala zovala zazigamba mosachita manyazi, ndipo wamkulu waphunzira kusoka yekha zigongono za juzi lake.

Singano zolukira zimene ndinabwereka ndazisonkhanitsa ndipo ndidzazibweza kwa eni ake tikakumana. Achemwali, misoti iwiri yotemera kale ikukudikirani m'khola. Gulu loluka lizikumana pakhonde pathu kuyambira mwezi wamawa, ndipo aliyense wofuna kuphunzira abwere ndi juzi lakale limene salivalanso, tidzayambira pa kulimasula. Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni.