Za chithunzi cha ku chinkhoswe chija

Amene mukutumizirana chithunzi chija pa WhatsApp ndakuonani nonse, ndi inu omwe munachiika pa status n'kundibisira. Inde, mutuwo ndi wanga. Sindinachite ngozi, sindinalowe mpingo watsopano, ndipo si mbuzi inandibudula tsitsi monga akufalitsira alamu anga. Imvani kwa mwini mutu.

Zinayambira m'tchalitchi pa 1 Januwale. Abusa anawerenga Mateyu 7, paja pa kachitsotso ka m'diso la mnzako ndi mtanda uli m'diso lako, ndipo mayi a kunyumba anandigunda ndi chigongono katatu konse. Akuti ine ndimakonza aliyense: kondakitala wa minibasi, ana a aneba, ngakhale wowerenga nkhani pa wailesi yemwe sangandimve n'komwe. Pobwerera anati, "Bambo, vesi 5 ija abusa amanena inu." Ndinawauza kuti nkhaniyo yayambira pa vesi 3. Anangondiyang'ana. Pompo ndinalumbira kuti mwezi wonse sindikonza munthu, ndidzikonza ndekha.

Ndinapirira masiku asanu ndi anayi, ndipo apa muike chidindo, chifukwa ena mwa inu simungathe ngakhale ola limodzi. Mwana wanga ankafinya mankhwala otsukira mano pakati, ine duu. Kondakitala anandipatsa chenji choperewera, ine "zikomo achimwene". Ndinayamba kudziona ngati munthu woyera pang'ono.

Ndiye linafika Loweruka la chinkhoswe cha muphwa wanga, ine nkhoswe wa kuchimuna. Mmawa ndinathamangira kokametetsa kwathu ku Ndirande konkuno, kwa mnyamata wina wa Manoma, mtundu uja wometa ndi dzanja limodzi linalo likusewera mpira m'malere. Ndinati, "Nambala 2, mphwanga, ungolinganiza." Iye, "Osadandaula madala."

Wangondimanga nsalu m'khosi, wayambapo. Akuti Kinnah Phiri anali wa Wanderers. Abale anga, Kinnah Phiri! Munthu amene anagoletsa zigoli ku Bullets mpaka magoli kumudziwa ndi dzina! Lilime linadzuka lokha mkamwa. Ndinaliponda ndi mano. Ndikudzikonza ndekha. Mnyamata uja anapitiriza kuti Flames ija ya Kinnah inathira Egypt zigoli zitatu kwa duu mu 2012. Inali Algeria. Munali mu 2010. Kunali ku Angola, ndipo tsiku limenelo ine ndinavina mumsewu ndi nsapato imodzi. Thukuta linayamba kutsika kumsana. Ndinatsinzina n'kumapuma pang'onopang'ono, kudziuza kuti mtanda uli m'diso langa, mtanda uli m'diso langa.

Ndili chitsinzinire ndinamva kanthu kakugwa pansi kuti go. Kutsegula maso, m'galasi ndikuona kachipeso kaja amaveka kumakina kali pasimenti, makina ali maliseche, akubwera kulunjika pamphumi panga. Mwini wake maso ali kwa anzake pabenchi, akuwaonetsa mmene chigoli chachitatu chinalowera m'goli la Egypt.

Apa ndi pamene mukundinena kuti ndine chitsiru, koma taganizani bwino. Munthu wachita pangano ndi Mulungu. Kunena kuti "mphwanga, chipeso chagwa", kumeneko si kukonza munthu? Ndinayamba kuweruza mlanduwo m'mutu mwanga ngati bwalo la amfumu. Mbali ina ikuti uku n'kuchenjeza chabe. Ina ikuti Satana amayamba choncho, lero chipeso, mawa Algeria. Ina, yomwe sindikudziwa inachokera kuti, ikuti mwina mnyamatayu akudziwa chimene akuchita, ndiwe wodzikuza iwe. Bwalo lili mkati, makina anatera. Ndinawamva kuzizira kwake. Anayenda bwinobwino, mosapupuluma, kuchoka pamphumi, kukwera pa liwombo, kutsetsereka mpaka kunkhongo, tsitsi likugwera pansalu ngati mvula yoyamba. Ine ndikuonerera m'galasi, nkhope ili phee ngati ndili pa mgonero. Ndinafika poyamikira kuti mzerewo ndi wowongoka. Msewu weniweni, Chipembere Highway, kungotsala ma robot ndi apolisi apamsewu.

Mnyamata uja anatembenuka, n'kuona ntchito ya manja ake. "Aaa! Madala, bwanji osanena?" Ndisanayankhe, magetsi thi.

Jenereta analibe. Anati andipale ndi lezala mutu wonse, koma galimoto ya akuchimuna inali italiza kale hutala kawiri panja, ndipo mpala wa lezala pa chinkhoswe anthu akanayamba kufunsa kuti wamwalira ndani. Ndinabwereka chipewa cha dalaivala, chonunkha dizilo, n'kuchikanikiza mpaka m'makutu.

Zonse zinayenda bwino mpaka nthawi yosinthana nkhuku. Ine ndanyamula tambala, ankhoswe a kuchikazi anyamula msoti, nyimbo ikulira, amayi nthungululu. Ndikuwerama mwaulemu kuti ndipereke, tambala uja anakupiza mapiko kamodzi kokha, chipewa uko. Nthungululu inaduka pakati. Agogo ena a kuchikazi anafunsa mokweza ngati kwathu ndi mwambo. Wojambula, yemwe tsiku lonse ankaphonya mkwatibwi, apa sanaphonye.

Ndipo nditangotola chipewa anandipatsa maikolofoni kuti ndilangize ana. Ndinawauza kuti m'banja osamathamangira kukonza mnzako. Mayi a kunyumba anachita kutuluka panja kukaseka.

Madzulo ake anandipala okha ndi lezala pakhonde, akufunsa kuti, "Kodi bambo, pakamwa munasiya m'thumba la jekete?" Ndinafuna kuwauza kuti lezalayo aigwira mozondoka. Ndinangokhala.

Tsitsi layamba kumera, ngakhale pamsewu paja pakuchedwerapo. Lachitatu ndinapitanso kwa mnyamata uja, osati kukakangana, kungomuuza kuti inali Algeria. Ndinapeza potseka. Akuti magetsi kunalibe kuyambira mmawa.