Mmene ndinakonzera nkhani ya chipilala cha ku Wiriyamu

Unali usiku kuno ku Ulongué, ndikuwerenga pa foni, pamene ndinaona kuti insaikulopediya ina ya pa intaneti, imene aliyense angathe kulembamo, ikunena kuti anthu a ku Wiriyamu, mudzi wa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anaphedwa mu 1973. Mtima unandiwawa. Asilikali a Chipwitikizi anapha anthuwo Loweruka pa 16 Disembala 1972. Mu 1973 ndi mmene dziko linamvera, wansembe Adrian Hastings atalemba nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ya ku London pa 10 Julayi, patangotsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano, nduna yaikulu ya Portugal nthawi imeneyo, afike mumzindawo. Amene analemba uja anasokoneza tsiku la maliro ndi tsiku limene uthenga unafika.

Kutsegula akaunti sikunanditengere nthawi. Koma sindinafufute kanthu usiku umenewo. Ndinakopera nkhani yonse m'kope, chiganizo chilichonse pamzere wake, ndipo pambali ndinkalemba kumene chachokera. Chosowa gwero ndinkachichonga ndi cholembera chofiira. Tsiku ndinalikonza m'mawa mwake, n'kulemba chifukwa chake m'kabokosi kofotokozera zimene wasintha, kuti wobwera pambuyo asabwezeretse cholakwikacho.

Pa chiwerengero cha ophedwa ndi pamene ndinakhalitsa. Nkhaniyo inkangoti "anthu ambirimbiri". Malipoti oyambirira, ochokera kwa ansembe a ku Spain otchedwa a Burgos amene ankatumikira ku Tete, ankanena za anthu pafupifupi 400. Katswiri wa mbiri Mustafah Dhada, amene anacheza ndi opulumuka, anapeza anthu osachepera 385. Ndinalakalaka kungolemba 400, poti imakumbukika msanga. Dzanja linakana. Aliyense mwa anthu 385 aja anali ndi dzina, anali ndi munda wake, ndipo mawu oti "osachepera" akusungira malo ena amene sanawerengedwe. Ndinaika ziwerengero zonse ziwiri, chilichonse ndi mwini wake. Ndinawonjezanso kuti sunali mudzi umodzi: panali Wiriyamu, Juwau, Chaworha, Djemusse ndi Riachu, chakumwera kwa mzinda wa Tete. Mayinawa amalembedwa mosiyanasiyana, ndiye ndinatsata buku limodzi mpaka kumapeto.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi a malume. Iwo ankagwira ntchito ku Tete nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique, ndipo amakumbukira zimene anthu ankanong'onezana mumsika sabata imeneyo. Nditawawerengera zimene ndalemba, anaika chikho chawo cha tiyi pansi.

"Mphwanga, nanga zanga zija sunalembemo bwanji?"

"Pepani a malume, kumeneko amalandira zokhazo zimene zinasindikizidwa kale."

"Ndiye kuti makutu angawa si umboni?"

Ndinasowa chowayankha. Lamuloli ndimalimvetsa: popanda ilo, aliyense akanalemba zake, ngakhale iwo amene kwa zaka zambiri ankakana kuti mudziwu unaliko n'komwe. Komabe limatsekera kunja anthu amene mbiri yawo ili pakamwa. Ndinawapempha kuti ndiwajambule mawu pa foni, tisunge m'banja, ndipo anavomera.

Chithunzi cha chipilala cha chikumbutso nacho chinafuna ulendo, poti chithunzi cha munthu wina sungangochitola n'kuikapo. Ndinakwera chapa mbandakucha, kudutsa Moatize, kuoloka Zambezi, kenako njira ya kumwera dzuwa likuswa mtengo. Anthu a kumeneko amalankhula Chinyungwe, koma tinamvana. Ndinayamba ndapempha chilolezo kwa akuluakulu a pamudzi, ndinavula chipewa, n'kujambula zithunzi zitatu zokha.

Chomaliza kuikamo chinali chakuti mu Seputembala 2022, ku Maputo, António Costa, amene anali nduna yaikulu ya Portugal, anapepesa chifukwa cha kuphedwa kwa anthuwa, patapita zaka pafupifupi 50. Ndinawerenganso nkhani yonse mokweza kawiri, kufananiza tsiku lililonse ndi za m'kope muja, kenako ndinadina posungira. Mawu a malume ali pa foni, ndipo Loweruka likubwerali tipitiriza pamene analekezera.