Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Masiku awiri ku Edinburgh

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe mwana wathu wachisamba anamaliza maphunziro a unamwino n'kupeza ntchito. Malipiro atayamba kubwera bwino, anatiuza kuti tisalembetse shifiti kumayambiriro kwa Juni chifukwa watilipirira malo ogona ku Edinburgh, likulu la Scotland, pokumbukira zaka 30 za ukwati wathu. Nditamufunsa mtengo, anangoti, "Amayi, inu pitani mukapume." Mtengowo ndinakauona ndekha pa pepala tsiku lotuluka, ndipo sindiutchula pano kuopa achibale kumudzi angatiyese openga.

Za mahotela ndinkati ndikuzidziwa. Amene mwakhala mukuwerenga kuyambira pachiyambi mukukumbukira kuti zaka zitatu zoyambirira kuno ku Mangalande ndinazithera m'hotela ina yaikulu ya m'mbali mwa msewu, kuyala mabedi ndi kukwecha mabafa. Choncho titatsika sitima pa siteshoni ya Waverley maso anga ankafuna chinyumba chachitali cha chikwangwani chowala. Malowo tinawapitirira kawiri. Nyumba za mumsewuwo n'zofanana zonse, zamiyala yotuwa, zogundana khoma ndi khoma, ndipo dzina la hotela linali pa kachitsulo kochepa ngati chikhatho pambali pa chitseko. Bambo akunyumba anandigwira mkono. "Mayi, pano m'pakhomo pa munthu, musagogode."

Sananame kwenikweni, panali pa munthu kalelo. Deralo amalitcha New Town, koma utsopano wake ndi wa dzina lokha. Anayamba kulimanga mu 1767 potsata mapulani a mnyamata wina, James Craig, olemera atatopa ndi kuthithikana komanso fungo la ku Old Town. Pamene amishoni a ku Scotland ankakhazikitsa Blantyre wathu mu 1876, misewu imeneyi inali itakalamba kale. Nyumba ngati imeneyi inali ya banja limodzi ndi antchito ake.

M'kati munalibe kauntala. Mtsikana wina anatikhazika pa sofa m'chipinda chochezera, pafupi ndi malo osonkhapo moto, n'kutipatsa tiyi ndi mabisiketi awo a batala. Ndinakhala kumapeto kwenikweni kwa sofayo ngati ndabwera kudzafunsira ntchito. Kenako anatitsogolera. Lifiti munalibe, akuti nyumbazi n'zotetezedwa ndipo sungangoboola paliponse. Tinakwera masitepe mpaka anatha, ine wefuwefu.

Chipinda chathu chinali chapamwamba penipeni, denga lake lopendekera, moti bambo anadzigunda mutu kawiri tsiku loyamba. Bafa lamiyendo linali m'chipinda momwemo, chapafupi ndi bedi. Pa kazenera unkaona madenga okhaokha kutsetsereka mpaka ku madzi a Firth of Forth. Mtsikanayo ananena monyadira kuti kalelo m'zipinda zapamwambazi ndimo munkagona atsikana antchito. Ndinaseka ndekha chamumtima. Mwana wanga wathyola thumba kuti amayi ake akapume, ndipo amayiwo afikiranso kuchipinda cha antchito.

Atangotuluka, manja anga anayamba okha ntchito. Ndinavundukula ngodya ya matilesi kuona kapindidwe ka nsalu, ndinapititsa chala pamwamba pa chitseko ndi kuseri kwa mpopi. Fumbi ngakhale pang'ono. Amene anakonza chipindacho ndinamulemekeza ndisanamuone, chifukwa malo amenewo ndi omwe munthu wotopa amawadumpha.

Zoyendayenda sindichulutsa. Tinakajambulitsa pa chipilala cha David Livingstone ku Princes Street Gardens, bambo akundikumbutsa kuti Kamuzu anaphunzira za udokotala mumzinda womwewu. Mzinga womwe amaomba ku Edinburgh Castle 1 koloko masana unatidzidzimutsa tonse, eni dziko osatembenuka n'komwe. Pobwerera, cha m'ma 10 koloko usiku kunja kukuwalabe, tinapeza makatani otseka, chofunda chapindidwa ngodya, chokoleti pa pilo. Bambo anathamangira kukaona mapasipoti m'chikwama, ati mwalowa akuba. Ndinachita kuwalongosolera kuti nazonso zili mu mtengo uja.

Chakudya cham'mawa tinkadyera pansi penipeni, pomwe panali khitchini yakale. Zenera lake limayang'ana masitepe otsika kuchokera mumsewu, khomo lomwe antchito ndi obweretsa malasha ankalowera kuti asadutse pa khomo la abwana. Pakhoma anasiya mzere wa mabelu akale, lililonse la chipinda chake. Alendo anzathu ankawajambula ngati zokongoletsa. Ine ndinkaona mtsikana akusiya mphika pamoto n'kuthamanga masitepe onse aja chifukwa wina kumwamba wakoka chingwe. Phala lawo la oats linandikomera, haggis, chakudya chawo cha zam'kati mwa nkhosa, ndinalawa kamodzi n'kusiyira bambo.

Tsiku lotuluka ndinasasula bedi, nsalu ndinazikulunga pamodzi, mataulo ndinaunjika m'bafa, zinyalala ndinamanga. Bambo ankangopukusa mutu. "Mayi, mlendo ndi mame. Mwalipiridwa kodi?" Potsika tinakumana naye mwini ntchitoyo, mayi wamsinkhu wanga wa ku Poland, atakumbatira mulu wa nsalu wofika pachibwano, akukwera. Ndinafuna kumulandirako koma anakana mwamantha, akuyang'ana kumunsi ngati wina akuona. Nditamuuza kuti ntchito imeneyi ndinaigwirapo, nkhope yake inamasuka. Anandifunsa kuti ndinkakonza zipinda zingati pa tsiku. Ndinati 16. Iye anati zake ndi 6 zokha, kenako analoza masitepe ndi chibwano n'kundionetsa bondo lomwe anamanga bandeji pansi pa sokosi.

Ndinabwerera kumwamba ngati ndaiwala kanthu, n'kukasiya ndalama pansi pa kapu ya tiyi, malo omwe ine ndinkayamba kuyang'ana masiku aja ndikalowa m'chipinda. Mu sitima mwana anaimba kufunsa ngati ndinapumadi. Bambo analanda foni n'kumuuza zonse, kuphatikizapo za mataulo.